Masipaiki a Nike Dragonfly pa steeplechase: amathamangadi, koma padzenje la madzi amafuna mwendo wokonzeka

Makochi ndi othamanga ambiri muno mu Blantyre amafunsa za nsapato imodzi yomweyi, makamaka chichitikireni mpikisano wa Olimpiki wa ku Paris mu 2024, pomwe mnyamata wa ku America, Kenneth Rooks, adatenga mendulo ya siliva pa mamita 3000 a steeplechase, liwiro lodumpha zotchinga ndi dzenje la madzi. Funso lawo ndi loti: kodi masipaiki (nsapato zothamangira za misomali kunsi) amakono a siponji, monga Nike ZoomX Dragonfly, ndiwo akweza Amereka pa mtunduwu wa liwiro? Nanga munthu wokonzekera mpikisano kuno, yemwe masiku ambiri amathamanga pa bwalo la dothi, awononge ndalama zake pa nsapatoyi?

Tiyambe ndi nsapatoyo. Dragonfly idatuluka mu 2020, ndipo ku America mtengo wake poyamba udali madola 150. Idatchuka msanga chifukwa chaka chomwecho Joshua Cheptegei wa ku Uganda adaivala pothyola rekodi ya dziko lonse ya mamita 5000 ku Monaco, 12:35.36, kenako ya mamita 10,000 ku Valencia, 26:11.00. Mukaigwira m'manja imapepuka ngati mulibe kanthu. Pamwamba ndi nsalu yopyapyala ya timabowo, yoti mukaiyang'anitsa padzuwa kuwala kumadutsa. Pansi pa phazi pali siponji yotchedwa ZoomX, yofewa koma yobwerera msanga mukaipinikiza ndi chala. Pansi pa siponjiyo pali pulasitiki yolimba ya mtundu wa Pebax yoyambira ku zala mpaka ku chidendene, ndipo pa mtundu woyamba wa nsapatoyi, kutsogolo kwake kuli mabowo 6 omangapo misomali yochotseka. Ntchito ya pulasitikiyo ndi kuletsa phazi kupindika kwambiri pa mfundo za zala, kuti mphamvu isatayikire pamenepo. Ntchito ya siponji ndi kusunga katumba kuti asatope msanga. Masipaiki akale adali ngati kuthamanga opanda nsapato koma muli ndi misomali. Awa amakulolani kufika raundi yomaliza miyendo idakali ndi moyo.

Pa liwiro losadumpha kanthu, la mamita 1500 mpaka 10,000 pa bwalo la tatani (la labala lothamangirapo), palibe chodandaula. Nkhani imasintha mukaika zotchinga.

Steeplechase ya mamita 3000 ili ndi zotchinga zouma 28 ndi kudumpha madzi ka 7, zonse pamodzi 35. Chotchinga cha amuna ndi chotalika masentimita 91.4, cha akazi 76.2. Si ngati timahedulo ta mamita 110 toti mukatigunda timagwa. Ichi ndi mtanda wa thabwa wokhuthala masentimita 12.7 mbali zonse, wolemera pakati pa makilogalamu 80 ndi 100. Mukachigunda ndi bondo, chogwa ndinu. Pa raundi iliyonse yathunthu pali zodumpha 5, ndipo ya madzi imakhala yachinayi. Dzenjelo ndi lotalika mamita 3.66, lakuya masentimita 50 pafupi ndi mtanda (malamulo akale ankati 70), ndipo pansi pake ndi potsetsereka, kukwera pang'onopang'ono mpaka kufanana ndi bwalo.

Potsetserekapo ndi pomwe Dragonfly imayesedwa. Wothamanga wodziwa amawonjezera liwiro pa masitepe omaliza asanafike pa mtanda, amaponda pamwamba pake ndi kutsogolo kwa phazi, nkuligubuduza kuti misomali ilume m'mphepete mwa thabwa, thupi lili lotsika, kenako amadzikankhira kutsogolo, osati m'mwamba. Amatera ndi phazi limodzi chakumapeto kwa madzi pomwe ndi posaya, ndipo sitepe yotsatira amakhala watuluka. Pa kuluma thabwa, Dragonfly imachita bwino. Misomali 6 ija ndi yokwanira, ndipo kulimba kwa pulasitiki kumathandiza pokankha. Koma potera, thupi lonse limagwera pa phazi limodzi, pamalo opendekeka, onyowa, kuchokera pamwamba. Siponji yofewa imaphwatalala mbali yomwe kulemera kwapita. Chidendene cha nsapatoyi ndi chopapatiza ndipo sichigwira mwamphamvu. Ngati phazi latera mopendama pang'ono, kapena mwatera pafupi kwambiri ndi mtanda pomwe madzi ndi ambiri, nsapato siikubwezani. Imangopita komwe akakolo apita. Munthu wa akakolo olimba, amene wachita masewera olimbitsa phazi miyezi yambiri, sazimva zimenezi. Mwana wa sekondale amene wangoyamba kumene amabinya.

Aliyense amene akuganiza kuti dzenje la madzi ndi chinthu chopepuka aone zomwe lachita kwa akatswiri a ku America enieniwo. Valerie Constien adaduka mtsempha wa m'bondo mu 2023 ku Doha, nkuchitidwa opaleshoni. Mu Epulo 2024 Emma Coburn adathyoka pa akakolo potera padzenje la madzi pa mpikisano wa Diamond League ku China, ndipo sadapite ku Paris. Courtney Frerichs naye chaka chomwecho adavulala bondo kwambiri, nkuphonya Olimpiki. Sitikunena kuti nsapato ndizo zidawavulaza, ayi. Coburn amavala New Balance, osati Nike nkomwe. Mfundo ndi yoti ngati anthu odumpha dzenjeli kwa zaka zoposa khumi amatha kusweka, nsapato yomwe mukuteramo muisankhe poganizira kutera, osati liwiro lokha.

Nkhani ya madzi olowa mkati si yovuta monga anthu amaopera. Nsalu ya Dragonfly siisunga madzi ambiri, ndipo siponji yake siimwa ngati ya matiresi. Pakatha masitepe khumi kapena khumi ndi asanu madzi ambiri amakhala atatuluka. Chovuta ndi choti nsalu ikanyowa imatamuka pang'ono, phazi nkuyamba kuseweramo. Pofika dzenje lachinayi kapena lachisanu, nsapato yomwe idali yothina bwino poyambira imakhala ikuterera mkati, ndipo matuza amatuluka pansi pa chala chachikulu ndi kumbuyo kwa chidendene. Mankhwala ake ndi atatu. Gulani saizi yothina, yosiya malo osapitirira theka la sentimita kutsogolo kwa chala chachitali, osati malo a chala chonse cha m'manja monga timachitira ndi nsapato zothamangira pamsewu. Mangani zingwe mfundo ziwiri, nsonga zake muzilowetse pansi pa zingwe zinzake, chifukwa chingwe chonyowa chimamasuka msanga. Ndipo sokosi ya thonje muisiye kunyumba. Imamwa madzi, imalemera, imakwinyika. Ambiri amathamanga opanda sokosi atapaka Vaseline pang'ono m'malo okhuzika, ena amavala sokosi yopyapyala ya nayiloni.

Nike idakhala ikupanganso sipaiki ina yotchedwa Zoom Mamba, yomwe ankaigulitsa makamaka kwa a steeplechase. Ndi yotsika, ya siponji yochepa, phazi limakhala pafupi ndi nthaka. Siikupatsani kunjanja kwa Dragonfly, ndipo katumba amaimva pa raundi yomaliza, koma potera imakhazikika bwino. Kwa woyamba kumene, sipaiki ya mtundu wotsikawu, kaya ya Nike, Adidas kapena Asics, ndi yomwe tingamulangize. Dragonfly ndi ya munthu amene kadumphidwe kake kakhazikika kale.

Tsono funso lija, loti kodi nsapatozi ndizo zakweza Amereka. Manambala akukana. Rekodi ya amuna ya dziko la America ndi 8:00.45, ya Evan Jager, yomwe adaithamanga ku Paris mu Julaye 2015, zaka zisanu Dragonfly isanabadwe. Tsiku limenelo adali patsogolo, akupita kukatsika pansi pa mphindi 8, koma adakhudza chotchinga chomaliza ndi phazi nkugwa, nkudzuka, nkumaliza wachiwiri. Zaka zoposa khumi zadutsa, masipaiki a siponji afika, koma rekodiyo sidakhudzidwe. Siliva wa Jager pa Olimpiki ya ku Rio mu 2016 ndi buronzi wake pa mpikisano wa dziko lonse ku London mu 2017 zidabweranso ndi nsapato zakale. Chimodzimodzi usiku wotchuka wa ku London mu 2017, pomwe Coburn adapambana golide ndi 9:02.58, Frerichs nkutsatira ndi 9:03.77, atsikana a ku Kenya ali kumbuyo. Amene adaonera amakumbukira kuti kusiyana kudaonekera padzenje lomaliza: Amereka awiriwa adalowa ndi liwiro nkutuluka nalo, ena akutera mozama nkumayambiranso.

Chomwe America ili nacho ndi mayunivesite. Steeplechase ili pa pulogalamu ya mipikisano ya NCAA, bungwe la masewera a mayunivesite a ku America, kotero chaka chilichonse achinyamata mazanamazana amaphunzira kudumpha mtanda ndi dzenje pa mabwalo enieni, ndi makochi olipidwa, madotolo a mafupa ali pafupi. Yunivesite ya Brigham Young ku Provo, m'chigawo cha Utah, yokha yatulutsa Henry Marsh, yemwe adathamanga 8:09.17 mu 1985, kenako Rooks ndi James Corrigan pansi pa kochi Ed Eyestone, komanso Courtney Wayment ndi Lexy Halladay-Lowry pansi pa kochi Diljeet Taylor. Gwero lachiwiri ndi othamanga obadwira ku Kenya amene adatenga unzika wa America, monga Hillary Bor, Stanley Kebenei ndi Benard Keter, omwe akhala akudzaza timu kwa zaka zambiri.

Rooks ndi chitsanzo chabwino cha zomwe maphunzirowa amabala. Mu 2023 pa mpikisano wa dziko lawo adagwa pa chotchinga chakumayambiriro, nkutsalira kumbuyo kwa gulu lonse. Sadathamange mwaphuma kuti awapeze. Adawatola mmodzimmodzi mpaka kupambana. Ku Paris adalowa fainolo ngati munthu wosawerengedwa, ndiye pa raundi yomaliza adatulukira kutsogolo mwadzidzidzi. Lamecha Girma wa ku Ethiopia, mwini rekodi ya dziko lonse ya 7:52.11, pofuna kumuthamangira adagunda chotchinga nkugwa moopsa, mpaka kumunyamula pa machira. Soufiane El Bakkali wa ku Morocco adamupitirira Rooks chakumapeto nkupambana ndi 8:06.05. Rooks adamaliza 8:06.41, Abraham Kibiwot wa ku Kenya 8:06.47. Adadula pafupifupi masekondi 9 pa nthawi yake yabwino ya kale, pa tsiku limodzi.

Koma tisanamizane. Fainolo ya 8:06 ndi liwiro lomwe Mmereka angapambanemo mendulo chifukwa gulu limakhala pamodzi mpaka raundi yomaliza, ndipo luso la kudumpha pakati pa anthu ambiri limagwira ntchito. Mpikisano ukakhala wothamangitsana kuyambira pachiyambi, wolowera ku 7:55 kapena 8:00, Amereka a lero sakhalapo. Palibe Mmereka adatsikapo pansi pa mphindi 8. Golide wawo wa amuna pa Olimpiki pa mamita 3000 a steeplechase ndi mmodzi yekha, wa Horace Ashenfelter ku Helsinki mu 1952. Pambuyo pake ndi buronzi wa George Young mu 1968, wa Brian Diemer mu 1984, kenako masiliva a Jager ndi Rooks. Chomwe chawatsegulira khomo ndi choti Kenya, yomwe idapambana golide aliyense wa Olimpiki kuyambira 1984 mpaka 2016, siikulamuliranso yokha. Ku Tokyo mu 2025 golide wa dziko lonse adapita kwa Geordie Beamish wa ku New Zealand, amene adamupitirira El Bakkali pamzere penipeni, ndipo Beamishyo adaphunzira ku yunivesite ya ku America komanso amachitira masewera ake komweko. Ngati iye adatha, Rooks, Corrigan, Matthew Wilkinson kapena Daniel Michalski akhoza kulota zomwezo ku Los Angeles mu 2028, bola fainolo ikhale ya machenjera.

Kwa akazi zinthu ndi zolimbirapo. Rekodi ya akazi ya dziko la America ndi 8:57.77 ya Frerichs, ku Eugene mu 2021, patangopita milungu yochepa atatenga siliva pa Olimpiki ya ku Tokyo. Pa mpikisano wosankha timu ya ku Paris, Constien adabwerera kuchokera ku opaleshoni nkupambana ndi 9:03.22, Wayment ndi Marisa Howard nkutsatira pansi pa 9:08. Kuchuluka kwa othamanga abwino kulipo kuposa kale. Koma a maiko ena athawa. Winfred Yavi wa ku Bahrain adapambana ku Paris ndi 8:52.76, nkuthamanga 8:44.39 ku Rome chaka chomwecho, kutsala pang'ono kuthyola rekodi ya dziko lonse ya 8:44.32 ya Beatrice Chepkoech. Faith Cherotich wa ku Kenya adatenga golide wa dziko lonse wa 2025 ndi 8:51.59. Munthu wa 9:05 pa fainolo yotere amatsala ndi mamita oposa 60. Ngakhale mu NCAA momwemo, woyamba kutsika pansi pa mphindi 9 ndi Doris Lemngole, Mkenya wa ku yunivesite ya Alabama, ndi 8:58.15 mu 2025. Gulu latsopano la Halladay-Lowry, Angelina Napoleon ndi Kaylee Mitchell ndi la achichepere ndipo likukwera, koma likufunika kudula masekondi khumi kapena kuposerapo, ndipo masekondi amenewo sali mu nsapato, chifukwa onse a kutsogolo avala zofanana. Ali mu liwiro la mamita 1500 ndi 5000.

Tibwerere kwathu, chifukwa pano ndi pomwe ndalama zimatayika. Dragonfly idapangidwira tatani. Pa bwalo la dothi lolimba la katondo, monga mabwalo ambiri a masukulu a ku Ndirande, Zingwangwa kapena Bangwe m'chilimwe, misomali siilowa pansi. Imangokankha m'mwamba, ndipo mumamva mfundo zisanu ndi imodzi zikubaya pansi pa phazi. Nsonga zimabuntha pa masabata awiri kapena atatu, ndipo choipitsitsa, timiyala timadya pulasitiki yozungulira mabowo mpaka msomali umayamba kugwedera. Bowo likangotha mizere yake ya sikuluwu, latha. Osoka nsapato a mumsika, ngakhale aluso chotani, sangalibwezere. Siponji ya ZoomX nayo ndi yosalimba kukhuzika: m'mbali mwake mumang'ambika ikakhula mwala kapena thabwa lokhakhala. Pa udzu wofewa wa nthawi ya dzinja imachita bwinoko, ndi misomali ya mamilimita 9. Pa tatani, monga ya ku Bingu National Stadium ku Lilongwe, misomali ya mamilimita 6 ya nsonga ngati piramidi ndi yokwanira. Malamulo salola kupitirira mamilimita 9 pa liwiro la pa tatani, ndipo yosongoka ngati singano imamira kwambiri m'thabwa lonyowa nkuchedwa kutuluka. Pa phula kapena simenti musayendepo nkomwe, ngakhale kuchokera pa minibasi kukafika pa geti.

Ndiye ngati mwaigula, ikhale nsapato ya mpikisano ndi ya masiku ochepa oyeserera liwiro la mpikisano. Musaivale koyamba tsiku la mpikisano. Yambani ndi mamita 100 ka 4 kapena ka 6 kumapeto kwa masewera, kawiri pa sabata, kwa masabata atatu, kuti mtsempha wa kuchidendene ndi katumba zizolowere kulimba kwa pulasitiki. Kenako onjezani kudumpha. Popeza dzenje lenileni ndi losowa, makochi ambiri amaika mtanda m'mphepete mwa dzenje la mchenga la odumpha mtunda, kapena pa udzu. Kalipentala aliyense angapange mtandawo: thabwa la masentimita 12.7 mbali zonse, m'mphepete mosalazidwa, miyendo yotambalala ya mamita 1.2 kapena kuposerapo kuti usagubuduke munthu akaupondapo. Mtanda wopepuka wogwedera ndi woopsa kuposa kusowa mtanda. Ndipo kudumpha kotere kusapitirire ka 6 kapena ka 8 pa tsiku, kamodzi pa sabata. Kubwereza kutera kambirimbiri ndi komwe kumadya mawondo.

Kasamalidwe kake ndi kosavuta koma anthu amakanyozera. Mukatuluka m'madzi, masulani misomali yonse tsiku lomwelo ndi kasipanala kake, pukutani mabowo, pakani kadontho ka girisi kapena Vaseline pa mizere musanabwezere. Mukaisiya yonyowa sabata imodzi, dzimbiri limamanga msomali ndi bowo kukhala chinthu chimodzi, ndipo pokakamiza ndi pulayala mumazula bowo lonse. Pomanga, yambani ndi zala kuti mizere ilowane bwino, sipanala ibwere pomaliza, osakoka mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Poumitsa, ikani manyuzipepala mkati, muzisintha akanyowa, nsapato ili pamthunzi podutsa mphepo. Nthawi ya chiperoni, mu Juni ndi Julaye, imatha masiku awiri isanaume, ndipo apa ndi pomwe anthu amaiyandikitsa ku mbaula kapena kuiponya pa malata dzuwa likatuluka. Kutentha kumasungunula guluu wolumikiza pulasitiki ndi siponji, ndipo siponjiyo imakwinyika osabwereranso.

Pogula, njira ndi ziwiri: kuitanitsa kunja kudzera mwa wachibale kapena ogula katundu pa intaneti, kapena kusaka pa kaunjika ku Limbe ndi mumsika wa Blantyre, komwe masipaiki amatuluka mwa apo ndi apo m'mabelo. Yatsopano, mukawerengera kusintha kwa dola, mtengo wotumizira ndi msonkho, imafika pa ndalama zoti mukanagula nsapato ziwiri zabwino zochitira masewera a tsiku ndi tsiku, zomwe wothamanga amazifuna kwambiri kuposa sipaiki. Ya pa kaunjika iyang'aneni mofatsa. Tengani msomali wanu m'thumba, muyese bowo lililonse. Pindani nsapato ndi manja awiri: yeniyeni imalimbalimba nkubwerera yokha, yachinyengo imapindika pakati ngati patapata. Yang'anani ming'alu pa pulasitiki pansi pa mfundo za zala, pomwe imayambira kusweka. Pinikizani siponji ndi chala chachikulu. Ikakhala ndi makwinya akuya ndipo siikubwerera, mphamvu yake idatha ndipo mukugula dzina lokha. Onaninso kuti nambala ya pa kachikwangwani ka mkati ikufanana pa nsapato zonse ziwiri, chifukwa m'belo nsapato zimakwatitsidwa ndi za eni ena.

Amene akuyembekeza kupikisana kunja akumbukire kuti kuyambira pa 1 Novembala 2024, bungwe la World Athletics lidatsitsa kukhuthala kololedwa kwa soli kufika mamilimita 20 pa mipikisano ya pa bwalo. Kale pa mamita 800 kupita m'mwamba ankalola 25. Bungweli limasindikiza mndandanda wa nsapato zovomerezeka, ndipo poti dzina la Dragonfly tsopano lili pa mitundu ingapo, kuphatikizapo Dragonfly 2 ndi ina ya mipikisano ya m'thengo yotchedwa XC, fufuzani dzina lenileni la yomwe mukugula musanapereke ndalama.

Kwa wothamanga amene watsika kale pansi pa 9:30 ngati ndi mwamuna, kapena pafupi ndi mphindi 11 ngati ndi mkazi, amene amatera ndi phazi limodzi osadzandira ndipo ali ndi mipikisano ya pa tatani pa kalendala yake, Dragonfly ndi yoyenera mtengo wake, ndipo ikasamalidwa imatha nyengo ziwiri kapena zitatu za mipikisano. Kwa wina aliyense, ndalama yomweyo ipite kwa kalipentala wa mtanda uja, ndi pa sipaiki yotsika ya pa kaunjika ya mabowo athunthu.